Allah Anagawa Kale Chuma cha Masiye

Chaka chatha, m'mwezi wa Shaabani, mtsikana wina wa pa madrasa pathu anasiya kubwera kudzaphunzira. Anali wa zaka 12, ndipo anali atatsala pang'ono kumaliza kuloweza juzu ya Amma. Bambo ake, amene anali ndi boti la injini ndi chilimira, anamwalira atadwala masiku ochepa. Tinawasambitsa, tinawaveka sanda, tinawaswalira n'kuwaperekeza ku manda. Patapita milungu itatu tinapita kukafunsa chimene chinaletsa mwanayo. Tinapeza mayi ake ali pa eda m'nyumba yopanda mipando. Injini inali itachotsedwa, boti linali litapita ku doko lina, chilimira chinali m'manja mwa mng'ono wa malemu, ndipo malata amene anagulidwa kuti afolere nyumba yatsopano ananyamulidwa pa ngolo usiku wa tsiku la sadaka. Mtsikanayo anali ku gombe, akuyanika usipa wa anthu ena kuti pakhomo papezeke ufa wa tsiku limenelo.

Amene anachita zimenezi timawadziwa ndi mayina awo. Lachisanu amafika msanga ku mzikiti ndipo amaima pa swafu yoyamba. Pamaliro ndiwo analira kwambiri, ndiwonso anagula mpunga ndi mbuzi za sadaka ndi ndalama zimene anapeza m'chipinda cha malemu. Ife amene timatchedwa amwalimu ndi mashehe tinadya mpunga umenewo, tinakweza manja kupempha duwa, kenako tinabwerera kwathu osafunsa kanthu. Nkhani ino tikuilemba ndi manyazi amenewo. Amene imuwawe akumbukire kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Timakonda kulalikira kuti Chisilamu chinalemekeza mkazi zaka zoposa 1,400 zapitazo, pamene mitundu yambiri inali isanamulole kukhala ndi chuma m'dzina lake. Zimenezi n'zoona, ndipo sitidzaleka kuzinena. Koma mawu amenewa tikawanena pa mimbari, m'munsi muli mayi amene analandidwa maukonde ndi alamu ake Achisilamu, amasanduka umboni wotitsutsa ife eni. Ulemu wa mkazi m'chipembedzo chathu umaoneka bwino pa tsiku limene mwamuna wake wamwalira, pamene palibenso womuyankhulira. Pa tsiku limenelo, m'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkhotakota kudutsa ku Salima mpaka ku Mangochi, timachita zinthu zimene Qur'an inabwera kudzathetsa.

Vuto limeneli linafikapo kale pamaso pa Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye. M'chaka chachitatu cha Hijra, chimene ndi 625, pa nkhondo ya Uhud, anaphedwa swahaba wa ku Madina dzina lake Sa'd ibn al-Rabi'. Anasiya mkazi ndi ana aakazi awiri. M'bale wake wa Sa'd anabwera n'kutenga chuma chonse, monga mmene Arabu ankachitira kuyambira kale, pakuti kwa iwo chuma cha masiye chinali cha amuna okhoza kugwira lupanga, ndipo mkazi ndi mwana wamng'ono analibe gawo. Mayi uja sanakhale chete. Anatenga ana ake awiri kupita nawo kwa Mtumiki, nadandaula kuti bambo wawo anafera pa njira ya Allah, koma bambo wawo wamng'ono wawasiya chimanjamanja. Mtumiki sanamuuze kuti apirire, sanamuuzenso kuti nkhani za pabanja zikathere kubanja. Anadikira chiweruzo cha Allah. Ndime za kagawidwe ka chuma zitatsika, anatumiza uthenga kwa munthu uja kuti apereke magawo awiri mwa magawo atatu kwa ana aakaziwo, gawo limodzi mwa magawo 8 kwa mayi wawo, ndipo iye atenge chotsala. Nkhaniyi anaisunga Imam Tirmidhi ndi Imam Abu Dawud m'mabuku awo a hadisi. Tikachigawa chumacho magawo 24, anawo analandira 16, mayi wawo 3, ndipo amene anatenga zonse uja anatsala ndi 5.

Tiyeni tiyang'anitsitse chimene chinachitika apa. Mwa milandu yoyambirira imene inaweruzidwa ndi ndime zimenezi, pali mlandu wa mlamu wolanda mkazi wamasiye. Amene anasuma anali mkazi, ndipo anapambana. Allah sanasiye nkhani imeneyi m'manja mwa akuluakulu a mtundu. Chiwerengero cha maraka a swala tinachiphunzira kwa Mtumiki, pakuti m'Qur'an sichinalembedwe, koma magawo a chuma cha masiye Allah anawatchula yekha, limodzi ndi limodzi, mu Surat an-Nisa, sura yachinayi, imene dzina lake limatanthauza akazi. Ndime 7 imakhazikitsa kuti amuna ndi akazi onse ali ndi gawo lokakamizidwa pa chimene asiya makolo ndi abale, kaya chichepe kaya chichuluke. Ndime 11, 12 ndi 176 zimalongosola magawowo. Pakati pa ndime zimenezi pali ndime 10, imene imafanizira kudya chuma cha ana amasiye mopondereza ndi kumeza moto. Ndime 19 imaletsa kumutenga mkazi mokakamiza ngati kuti nayenso ndi katundu wosiyidwa ndi malemu, ndipo amene amakakamiza chokolo aiwerenge mofatsa.

Ambiri mwa olanda amapezerapo mwayi chifukwa chakuti amayi sadziwa masamu ake. Choncho tiwalembe poyera. Munthu akamwalira, choyamba ndi kupatula chimene sichinali chake. Ndime 32 ya sura yomweyi imanena za gawo la amuna pa zimene apata ndi gawo la akazi pa zimene apata. Mayi amene wakhala zaka 20 akuyanika usipa pa thandala, kuwamba chambo ndi kukwera matola kukagulitsa ku Limbe kapena ku Lilongwe, mpamba wake ndi wake. Mbuzi zimene anagula, mahari amene analandira, munda wa makolo ake pamene mwamuna anali mkamwini, zonsezi sizilowa m'chuma cha masiye. Ngati anaikapo ndalama zake pogula injini, gawo lake liyambe lachotsedwa. Pambuyo pake achotse ndalama zoikira maliro mopanda kumwaza, abweze ngongole zonse, ndipo mahari amene mwamuna sanamalize kupereka ndi ngongole. Kenako akwaniritse wasiya, imene siyenera kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Chotsala ndicho chigawidwe.

Tiyerekeze kuti msodzi wasiya mkazi, mayi ake omubereka, mwana wamwamuna mmodzi ndi ana aakazi awiri, bambo ake atamwalira kale, ndipo chuma chotsala chakwana K9,600,000. Mkazi alandira gawo limodzi mwa magawo 8, K1,200,000. Mayi ake alandira gawo limodzi mwa magawo 6, K1,600,000. Mwana wamwamuna alandira K3,400,000, ndipo ana aakazi aliyense K1,700,000. Mukaphatikiza muona kuti K6,200,000 yapita kwa akazi. Nanga achimwene a malemu, amene amathamangira injini mtembo usanatuluke m'nyumba? Iwo salandira ngakhale tambala. Pamene pali mwana wamwamuna, ngakhale wa pabere, abale a malemu amatsekeredwa onse. Mphwake wa malemu, mwana wa mlongo wake, amene mwambo umamuika patsogolo, nayenso alibe kanthu pamene pali ana. Malemu akasiya ana aakazi okhaokha ndipo bambo ake kulibe, m'bale wake amatenga chotsala chokha, monga anachitira m'bale wake wa Sa'd. Akakhala wamitala, akazi onse amagawana mofanana gawo limodzi lija, wamkulu ndi wamng'ono. Akakhala kuti sanasiye mwana, gawo la mkazi limakwera kufika pa limodzi mwa magawo anayi.

Olanda ali ndi zonena, ndipo tazimva zonse pa mabwalo ndi pa makonde.

Amati akusungira ana. Qur'an imamudziwa msungi wa chuma cha mwana wamasiye, ndipo inamuikira malire mu ndime 6: asachidye mothamangira kuti mwanayo asanakule, amene ali nazo zake adziletse, ndipo mwana akakhwima nzeru abwezeredwe pamaso pa mboni. Ndiye tifunse. Msungi amene wasunga boti zaka zisanu, alovi akupita panyanja usiku uliwonse umene mwera wadekha, analembapo kuti ndalama za nsomba? Ndi liti pamene anagula yunifolomu ya mwana amene akumusungirayo? Wakhala akudya thukuta la boti la ana, ana eni ake akugona ndi njala, ndipo dzina la zimenezi lili mu ndime 10.

Amati mkaziyo akadzakwatiwanso chuma chidzapita kwa mwamuna wina. Allah ankadziwa kuti akazi amasiye amakwatiwanso pamene ankawapatsa gawo, ndipo ndi Iye amene anawalola kukwatiwa ikatha eda ya miyezi inayi ndi masiku khumi. Gawo lake ndi lake, akwatiwe kapena asakwatiwe, ndipo mwamuna watsopano alibe mphamvu pa chuma chimenecho. Mwamuna akaferedwa mkazi palibe amene amamuuza kuti asiye gawo lake chifukwa chakuti adzakwatiranso. Mantha amenewa timawasungira akazi okha.

Amati ndi mwambo wa makolo. Miyambo yathu yambiri ndi yabwino, ndipo Chisilamu sichinabwere kudzaithetsa yonse. Mwambo womwewo ndi umene umapatsa mkazi munda ndi malo pakati pa mbumba yake, umaikanso mwinimbumba kuti aziyang'anira alongo ake ndi ana awo. Koma mwambo ukasemphana ndi chimene Allah wakakamiza, Msilamu alibe zosankha ziwiri. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewa amakumbukira mwambo pa tsiku logawa injini, koma amauiwala pa tsiku limene mlongo wawo akufuna ndalama za kuchipatala. Amasankha ku mwambo chimene chiwapindulira, amasankhanso ku Shariya chimene chiwapindulira, ndipo mkazi amaluza konsekonse.

Amati mayiyo anakhululuka yekha. Tinaonapo kukhululuka kwake. Amamuzungulira amuna khumi ali m'kati mwa eda, maso atatupa ndi kulira, namufunsa ngati ali ndi mawu. Ena amamunong'oneza kuti akalimbikira anthu adzati ndiye anapha mwamuna wake. Iye amaweramitsa mutu n'kunena kuti alibe mawu. Mtumiki anatiphunzitsa kuti chuma cha munthu sichikhala halali kwa mnzake pokhapokha mwini wake atachipereka ndi mtima wokondwa. Mayi ayambe wauzidwa gawo lake, alilandire m'manja, eda ithe, ndipo akafuna kupereka mphatso apereke. Za gawo la ana ang'onoang'ono, ngakhale mayi wawo alibe ufulu wolikhululukira munthu.

Pali funso lina limene limachokera kunja, ndiponso kwa ana athu amene aphunzira ku sekondale ndi ku koleji. Amafunsa kuti ngati mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa Allah, n'chifukwa chiyani mwana wamkazi amalandira theka la chimene amalandira mlongo wake? Funso limeneli lisatikwiyitse. Za kufanana pa umunthu ndi pa malipiro, Qur'an inanena momveka. Ndime yoyamba ya Surat an-Nisa imakumbutsa kuti tonse tinachokera ku mzimu umodzi, ndipo ndime 35 ya Surat al-Ahzab imatchula amuna ndi akazi mbali ndi mbali pa chikhulupiriro, kupirira, kupereka ndi kusala, ndi malipiro amodzi. Kusiyana kwa magawo sikuyenda ndi mtengo wa munthu. Mayi ndi bambo a malemu amene wasiya mwana wamwamuna amalandira mofanana, aliyense gawo limodzi mwa magawo 6. Abale a mayi mmodzi obadwa kwa abambo osiyana amagawana mofanana, mwamuna ndi mkazi. Mkazi akamwalira n'kusiya mwamuna ndi mwana wamkazi mmodzi, mwanayo amalandira theka pamene bambo ake amalandira gawo limodzi mwa magawo anayi. Pamene mwana wamwamuna amalandira kawiri, Shariya yamusenzetsanso mtolo: kupereka mahari, kudyetsa ndi kuveka mkazi ndi ana, kusamala mayi ake ndi alongo ake akasowa pogwira. Mwana wamkazi gawo lake sakakamizidwa kudyetsa nalo mwamuna wake.

Yankho limeneli ndi loona, koma limatitembenukira. Gawo lowirikiza limabwera ndi udindo wake, ndipo amene watenga gawo n'kukana udindo waphwanya chilungamo chimene akuchitchula. Tikuwadziwa anyamata amene anagulitsa nyumba ya bambo awo kuti apeze ndalama ya ulendo wa ku Johannesburg, alongo awo n'kutsala akuchita lendi. Tikudziwanso kuti m'makomo ambiri amene amuna ali ku Joni, amene akudyetsa ana, kulipira fizi ndi kuyang'anira omanga nyumba ndi amayi. Mtembo ukabwera kuchokera kumeneko, abale amaima pakhomo la nyumba imene mayiyo anaumbitsa njerwa zake, namuuza kuti akasudzulidwa abwerere kwawo. Tingamuyankhe bwanji wotifunsa za theka, pamene mkazi wa m'mudzi mwathu sakulandira ngakhale thekalo?

Mbali yaikulu ya mlanduwu ili pa ife aphunzitsi. Ana athu amadziwa zinthu zimene zimaononga wuzu, amadziwa mayina a angelo, koma ambiri amatuluka pa madrasa osamvapo za faraidh, maphunziro a magawo a chuma cha masiye, amene swahaba Zayd ibn Thabit anatchuka nawo. Ife tinawaphunzira ku koleji, tinalemba mayeso, kenako tinatsekera mabukuwo m'sutikesi. Tathera zaka zambiri tikukangana za mmene tingaperekezere maliro ndi za sadaka yake, mpaka mizikiti kugawikana, koma za boti la mwana wamasiye sitinakanganepo. Chifukwa chake tikuchidziwa. Wolandayo nthawi zambiri ndi munthu wopata, amene anapereka matumba a simenti pomanga mzikiti, amenenso amatikumbukira pa Eid. Mayi wamasiye alibe chotipatsa. Pa Haji yake yotsanzika, m'chaka cha 632, Mtumiki anaima pa Arafat nalangiza amuna kuti aope Allah pa nkhani ya akazi. Sitinganene kuti langizo limenelo silinatifike.

Tsono tichite chiyani? Tiyambe ndi amene akadali moyo. Bambo aliyense alembe chimene ali nacho, ngongole zake, ndi chimene chili cha mkazi wake, pamaso pa mboni. Ena amaopa kuti kulemba wasiya n'kudziitanira imfa. Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ndime 282 ya Surat al-Baqara, ikunena za kulemba ngongole, ndipo Mtumiki analimbikitsa kuti Msilamu amene ali ndi chosiyira malangizo asagonetse nkhaniyo osailemba. Kulembako kumathandizanso pamaso pa boma, pakuti munthu akamwalira wopanda wilo, lamulo la dziko lili ndi kagawidwe kakekake.

Komiti ya mzikiti uliwonse ikhale ndi anthu odziwa faraidh, ndipo pakhale amayi pakati pawo, chifukwa mayi amene ali pa eda amamasuka kwa amayi anzake. Maliro akachitika, katundu alembedwe asanasunthidwe ndi munthu, pamaso pa mkazi wa malemu, ana, ankhoswe ndi amfumu. Shehe amene waitanidwa ku sadaka afunse kumene kwachokera ndalama za mpunga. Ngati zachokera pa gawo la ana amasiye, asadye. Amene akufuna kuchitira m'bale wake sadaka atulutse za m'thumba mwake.

Pa madrasa tiphunzitse magawowa kwa atsikana ndi anyamata limodzi, ndi masamu ake, monga mmene timaphunzitsira swala. Mtsikana amene amadziwa kuwerengera gawo limodzi mwa magawo 8 ndi wovuta kumunamiza. Ndipo mayi amene walandidwa, abale akakana kumva shehe ndi amfumu, asaope kupita kwa a DC, kupolisi kapena kukhoti. Lamulo la dziko lino la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limati kulanda chuma chotere ndi mlandu. Wina asamuuze kuti kusuma n'kuchititsa manyazi banja kapena chipembedzo. Mkazi wa Sa'd anasuma, ndipo Asilamu onse mpaka lero akupindula ndi dandaulo lake. Shehe wa pamudzipo amuperekeze.

Kwa inu achimwene amene muli ndi injini, ukonde, malata kapena munda wa ana a m'bale wanu: mlandu suola. Mtumiki anachenjeza kuti amene walanda malo ngakhale otalika ngati chikhatho adzawasenza pakhosi pa Tsiku la Kiyama. Kulapa pa tchimo lolakwira munthu sikukwanira ndi istighfari yokha, kumafuna kubweza. Bwezani mukadali ndi mpweya, pamodzi ndi phindu limene mwadya. Nanunso muli ndi akazi ndi ana aakazi, ndipo abale anu akuona mmene mukuchitira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Za mtsikana uja, tinabwererako ndi akuluakulu awiri a mzikiti, mochedwa, titanyamula Qur'an ndi pepala la masamu. Tinakhala pansi katatu. Chilimira ndi malata zinabwezedwa. Injini inali itagulitsidwa kale, ndipo ndalama zake akubweza pang'onopang'ono, mwezi wina kupereka, mwezi wina kuzemba. Mwanayo anabwerera pa madrasa patapita miyezi isanu, masura ena atawaiwala. Tikanayankhula pa tsiku la maliro, bwenzi asanataye miyezi imeneyo.

Tikupempha Allah atikhululukire kukhala chete kwathu, atipatse kulimba mtima pa maliro amene akubwera, ndipo asunge akazi amasiye ndi ana awo m'midzi yathu yonse. Amin.